Tiger akamatsimphina, amalira ndani ku Blantyre?

Loweruka m'mawa mumsika wa Limbe, belo la zipewa langotsegulidwa kumene.

Mwini belo wadula mawaya ndi pulayala, zipewa zamwazikana pa lona, ndipo mavenda anjuta mozungulira, aliyense akupatula zake. Fungo lake ndi lija la kaunjika, la mankhwala osakanikirana ndi chinyezi. Zipewa zambiri n'za matimu a ku America omwe kuno sitiwadziwa n'komwe, zina n'za makampani a mafuta ndi a mowa.

Mnyamata wina watola chakuda. Mlomo wake wafwifwa, ndipo mkati muli mzere woyera wa thukuta la mwini wake woyamba. Kutsogolo kwasokedwa zilembo ziwiri zolumikizana, T ndi W, kumbuyo kuli kachizindikiro ka Nike. Akuchikung'untha pabondo, akuchiyesa kumutu, kenako akuchiika padera, pa zomwe akagulitse mokwererako mtengo m'tauni.

Mnyamatayu sanagwirepo ndodo ya gofu. Koma mwini zilembozo akumudziwa.

Ndi Tiger Woods.

Yesani kutchula Scottie Scheffler pamalo omwewo, munthu amene wakhala pamwamba pa osewera gofu onse padziko lapansi m'zaka zaposachedwazi. Angokuyang'anani, n'kupitiriza kupatula zipewa.

Masewera a gofu, ndi mabiliyoni ake onse a madola, akhala akutsamira munthu mmodzi kwa zaka zoyandikira 30. Munthuyo lero amayenda motsimphina. Msana wake madokotala aung'amba kangapo, mwendo wakumanja uli ndi zitsulo, ndipo chikho chachikulu anachikweza komaliza mu 2019. Mu 2025 sanasewere ngakhale umodzi mwa mipikisano inayi ikuluikulu ya pachaka, mtsempha wakuchidendene utaduka m'mwezi wa March. Ngakhale chipewa cha mnyamata uja n'cha ukwati womwe unatha kale: Woods ndi Nike anasiyana mu January 2024, atakhalira limodzi zaka 27.

Ku America, eni makanema ndi makampani mutu ukuwawawa kuti adzagulitsa ndani Tiger akadzapachika ndodo. Kuno funso n'lina. Kodi kutsimphina kwakeko kumafika bwanji ku Blantyre, mzinda womwe wasewera gofu kuyambira nthawi ya atsamunda, koma wopanda khamu lolipira pachipata kudzaonera?

Ndalama zomwe anabwera nazo

Kwa amene sanaonerepo, gofu n'kumenya kampira koyera ndi ndodo mpaka kalowe m'dzenje, maenje 18 patsiku, ndipo wopambana ndi amene wamenya kochepa. Akatswiri amasewera masiku anayi, Lachinayi mpaka Lamulungu. Pakatha masiku awiri oyamba, pafupifupi theka la osewera, omwe atsalira kumbuyo, amadulidwa n'kubwerera kwawo, kawirikawiri chimanjamanja. Mbiri ya munthu imayezedwa pa mipikisano inayi: Masters, PGA Championship, US Open ndi The Open ya ku Britain.

Woods anayamba kusewera molipidwa mu August 1996, ali ndi zaka 20. Nike inamusainitsa mgwirizano wa madola 40 miliyoni asanapambane kalikonse pakati pa akatswiri. Patangotha miyezi isanu ndi itatu, mu April 1997, anapambana Masters ku Augusta, n'kusiya wachiwiri wake kumbuyo ndi mashoti 12.

Malowo ndiwo anakuza nkhani. Munthu wakuda woyamba kusewera Masters anali Lee Elder, mu 1975. Kalabu ya Augusta inalandira membala wakuda woyamba mu 1990. Kwa zaka zambirimbiri, munthu wakuda ankalowa pachipata chimenecho kudzanyamula chikwama cha mzungu kapena kudzaperekera zakudya.

Ndiye kunabwera mwana wa bambo wakuda wa ku America ndi mayi wa ku Thailand, atavala malaya ofiira, n'kuwakwapula onse.

Anthu omwe gofu ankamuona ngati masewera a nkhalamba zolemera anayamba kutsegula kanema Lamulungu. Oonera akachuluka, otsatsa malonda amalipira zambiri. Otsatsa akalipira zambiri, makampani a kanema amagula mipikisano pamtengo wokwera, ndipo mphoto za osewera zimakwera nazo. Mu 1996 mphoto zonse za pachaka za PGA Tour, mipikisano ya akatswiri ku America, sizinkakwana madola 70 miliyoni. Pofika 2008 zinali zitadutsa 270 miliyoni. Woods atapambana Masters mu 1997 analandira madola 486,000. Atapambananso mu 2019 analandira oposa 2 miliyoni. Rory McIlroy mu 2025 anatenga 4.2 miliyoni.

Osewera omwe ankagonja kwa iye sabata ndi sabata analemera chifukwa cha iye yemweyo.

Ndipo kugonja ankagonjadi. Mu 2000 anapambana US Open ndi mashoti 15. Pofika April 2001 zikho zonse zinayi zikuluzikulu zinali m'nyumba mwake nthawi imodzi. Anakhala pa nambala wani padziko lonse masabata 683. Katswiri wa zachuma Jennifer Brown atafufuza zotsatira za mipikisano ya zaka zimenezo anapeza kuti akatswiri ena ankasewera moipirapo, pafupifupi shoti imodzi, Woods akangokhala m'gulu. Mantha okhaokha.

Kuno kummwera kwa Africa tili nako kodzitamira. Mu 1998 Woods anabwera ku Sun City, ndipo Nick Price wa ku Zimbabwe anamugonjetsa m'ndime yowonjezera atafanana mphamvu.

Atagwa

Mu June 2008 Woods anapambana US Open bondo lili lowonongeka, fupa la mwendo lili ndi ming'alu. Atangokweza chikho analowa m'chipatala, ndipo sanasewerenso chaka chimenecho. Oonera mipikisano yomwe ankayenera kusewera anatsika pafupifupi ndi theka.

Aka kanali koyamba kuti eni gofu aone kukula kwa dzenje lomwe anadzikumbira.

Vuto lachiwiri linali loipa kuposa loyambalo. Mu November 2009 Woods anagunda mtengo ndi galimoto pafupi ndi nyumba yake ku Florida, usiku, ndipo m'masiku otsatira nkhani za zibwenzi zake zamseri zinakhuthuka. Banja linatha. Accenture, AT&T ndi Gatorade anamusiya. Akatswiri awiri a zachuma a pa University of California ku Davis anawerengetsa kuti eni masheya a makampani omwe ankagwiritsa ntchito dzina lake anataya pakati pa madola 5 biliyoni ndi 12 biliyoni m'masabata ochepa chabe. Koma Nike inakakamira osagwedezeka.

Anadzukanso. Mu 2013 anapambana mipikisano isanu n'kubwerera pa nambala wani. Kenako msana unayamba. Opaleshoni mu 2014, ena awiri mu 2015, ndipo mu April 2017 madokotala analumikiza mafupa akumunsi kwa msana. Mwezi wotsatira apolisi anamupeza atagona m'galimoto pamsewu, atasokonezeka ndi mankhwala othetsa ululu, ndipo chithunzi chake cha kupolisi, maso ali lendelende, chinazungulira dziko lonse. Chakumapeto kwa chaka chimenecho anali pa nambala 1,199.

M'zaka zomwezo malonda a gofu ankagwa motsatizana. Mu August 2016 Nike inasiya kupanga ndodo, mipira ndi zikwama za gofu. Golfsmith, imodzi mwa sitolo zazikulu za gofu ku America, inagwa ndi ngongole chaka chomwecho. Adidas nayo inagulitsa TaylorMade mu 2017 pa madola 425 miliyoni.

Pano m'pofunika kusamala, chifukwa ambiri amangosenzetsa zonsezi msana wa Tiger.

Osewera gofu ku America anafika pachimake cha m'ma 2005, ali pafupifupi 30 miliyoni, ndipo anayamba kutsika Woods akadali pamwamba penipeni. Mavuto azachuma a 2008 anakantha mabanja, mabwalo anali atamangidwa mopitirira muyeso, ndipo achinyamata analibe maola anayi kapena asanu otaya pa masewera amodzi. Chiwerengerocho chinatsika mpaka cha m'ma 24 miliyoni. Chomwe chinadzabwezera anthu m'mabwalo si katswiri aliyense. Unali mliri wa Covid-19 mu 2020, pomwe gofu anali m'gulu la masewera ochepa oseweredwa panja anthu atatalikirana.

Katswiri amakoka oonera ndi otsatsa malonda. Kuti munthu agule ndodo n'kulipira umembala, chimalamula ndi thumba lake.

Wovulala yemwe amagulitsa

Chodabwitsa n'choti msika sunkafuna kwenikweni kuti Woods azipambana. Unkangofuna kuti azioneka.

Mu September 2018 anapambana Tour Championship ku Atlanta, koyamba patatha zaka zisanu. Khamu linadumpha zingwe n'kumutsatira mpaka padzenje lomaliza, ndipo oonera pakanema anachuluka pafupifupi katatu poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo. Mu April 2019 anapambana Masters, chikho chake chachikulu cha nambala 15.

Tsiku limenelo okonda gofu ku Blantyre anali ndi mwayi. Masters kawirikawiri amatha cha m'ma 1 koloko usiku nthawi ya kuno, pomwe ambiri agona kale poganizira ntchito ya Lolemba. Koma chaka chimenecho ku Augusta ankaopa mvula yamkuntho, ndiye anayamba m'mamawa. Woods analowetsa mpira womaliza nthawi ili cha m'ma hafu pasiti 8 madzulo kuno, anthu akadali m'mabala a makalabu, botolo lili m'manja.

Mu February 2021 galimoto yake inagubuduzika pafupi ndi Los Angeles, mwendo wakumanja n'kuphwanyika moti madokotala anaganizapo zoudula. Chaka chimenecho PGA Tour inayambitsa mphoto ya wosewera amene wakopa chidwi cha anthu kwambiri, poyang'ana za pa intaneti, m'nyuzipepala ndi pakanema. Woods sanasewere mpikisano wovomerezeka ngakhale umodzi chaka chonsecho. Anapambana mphotoyo, madola 8 miliyoni.

Anaipambana akuphunziranso kuyenda.

Chaka chotsatira anaitenganso, madola 15 miliyoni, atangosewera mipikisano itatu. Mu 2024 ku Masters anamenya mashoti 82 tsiku lachitatu, n'kuthera pamapeto penipeni pa onse omwe anasewera masiku anayi, koma makamera sanamusiye. Wopambana anali Scheffler, amene amasewera mosalakwitsa komanso mosachititsa nthumanzi, ndipo oonera tsiku lomaliza ku America anatsika ndi pafupifupi 20 pa 100 alionse.

Yerekezani ndi McIlroy. Atapambana zikho zinayi zikuluzikulu pakati pa 2011 ndi 2014, anakhala zaka pafupifupi 11 osakwezanso china, akumafika pakhomo penipeni n'kupunthwa. Mu April 2025, atatsala pang'ono kutayanso Masters, anagonjetsa Justin Rose m'ndime yowonjezera n'kugwada pansi kulira. Oonera anali ochuluka kuposa chaka chilichonse kuyambira 2019.

Katswiri wovutika amagulitsa, bola anthu akhale ndi chiyembekezo choti mwina lero adzuka. Chomwe chimapha msika ndi mpando wopanda munthu.

Mpando umenewu ndiwo anauona a Saudi Arabia. Mu June 2022 thumba la ndalama za boma lawo linayambitsa LIV Golf, n'kuyamba kugula mayina: Phil Mickelson, Dustin Johnson, Brooks Koepka, kenako Jon Rahm. Greg Norman, amene ankatsogolera LIV, ananena poyera kuti Woods anamulonjeza ndalama zapakati pa madola 700 ndi 800 miliyoni. Munthu woyenda movutikira, wosewera kawiri kapena katatu pachaka. Anakana, ndipo mu August 2023 analowa m'bodi yoyendetsa PGA Tour. Akatswiri anagawikana pawiri, ndipo woonera wamba amawaona onse pamodzi kanayi kokha pachaka.

Kumunsi kwa Victoria Avenue

Mukatsetsereka kuchokera pakati pa mzinda wa Blantyre, phokoso la maminibasi limazirala, n'kutulukira kapinga wobiriwira pakati pa mitengo ikuluikulu. Apa ndi pa Blantyre Sports Club, yomwe inakhazikitsidwa mu 1896. Bwalo lake lili ndi maenje asanu ndi anayi, ndipo wofuna 18 amazungulira kawiri. Ku Limbe kuli Country Club. Kunja kwa mzinda, gofu anatsata tiyi, fodya ndi shuga: Thyolo, Mulanje, Nchalo, Dwangwa. Komwe kunali mamanejala achizungu a maesiteti, kunabzalidwa kapinga.

M'mawa wa mpikisano, oyamba kufika m'makalabu amenewa si osewera. Ndi makadi, anyamata ndi abambo onyamula zikwama, ochokera ku Ndirande, Mbayani, Chilomoni, Bangwe ndi Chiwembe, ambiri atayenda wapansi. Amakhala pamthunzi kuyang'ana kuchipata. Galimoto iliyonse amaidziwa mwini wake, amadziwanso amene dzanja lake n'lofewa ndi amene amawerenga chenji.

Buti ikangotseguka, mmodzi wafika kale.

"Mwadzuka bwanji, bwana? Ndinyamule?"

Muyang'anitsitseni kadi wozolowera akamagwira ntchito. Thaulo lonyowa mbali imodzi lili paphewa. Bwana asanapemphe, iye wasolola kale ndodo yoyenera. Mpira ukamenyedwa mokhota, bwana amatukwana chamumtima n'kuyang'ana pansi, koma kadi maso ake amakhala pampirawo mpaka utagwera m'tchire, ndipo amapita molunjika pomwe wagwera. Pafupi ndi dzenje amanjuta, kuyang'ana mmene kapinga wapendekera, n'kuloza ndi chala mbali yomenyera. Akalowa, bwana ndiye katswiri. Akaphonya, kadi ndiye sanaone bwino.

Ambiri mwa makadi amenewa akhoza kugonjetsa amene akumunyamulira chikwamayo. Onse awiri amadziwa, ndipo palibe amene amatchula.

Nkhope za osewera zinasintha kalekale. Lero ndi Amalawi: akuluakulu a mabanki, maloya, madokotala, amalonda, komanso amayi omwe ali ndi mipikisano yawoyawo. Ena anganene kuti Woods ndiye anachotsa manyazi oti gofu ndi masewera a azungu, ndipo mbali ina n'zoona, makamaka kwa omwe anali achinyamata cha m'ma 2000 pomwe madishi a DStv ankafalikira ku Namiwawa, Nyambadwe ndi Sunnyside. Koma chachikulu chinali chakuti maofesi omwe ankakhala azungu anadzalowamo Amalawi, ndipo umembala wa kalabu unabwera limodzi ndi mpando.

Msika wa gofu wa kuno ndi wosiyana kotheratu ndi wa ku America.

Ku Kamuzu Stadium, Bullets ikamakumana ndi Wanderers, kampani imaika chikwangwani pofuna maso a anthu zikwizikwi omwe adzaza masitandi. Ku gofu ya ku Blantyre kulibe masitandi. Banki, kampani ya inshuwalansi kapena ya mafoni ikathandiza mpikisano, kasitomala yemwe ikumufuna ndi yemwe akumenya mpirayo. Imazika mbendera padzenje lililonse, imagawa malaya ndi zipewa, madzulo kumakhala chakudya, zolankhula ndi mphoto. Wopambana kawirikawiri ndi manejala amene wasewera bwinoko poyerekeza ndi mlingo wake wanthawi zonse. Chithunzi chimatuluka m'nyuzipepala Lolemba. Zenizeni zinakambidwa kale poyenda pakati pa dzenje lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri.

Malonda oterewa msana wa Tiger suwakhudza. Imawakhudza ndi kwacha.

Palibe mpira, ndodo kapena golovesi ya gofu yopangidwa m'dziko muno. Zonse zimalowa ndi ndalama zakunja, zambiri kudzera ku South Africa. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 pa 100 alionse mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 pa 100 alionse mu November 2023, bokosi la mipira linasanduka chinthu choganizira kawiri. Makina otchetchera kapinga amafuna dizilo ndi zipangizo zoitanitsa kunja, ndipo mafuta akasowa m'tauni, udzu sudikira.

N'chifukwa chake pali msika wina m'mphepete mwa mabwalo, wopanda sitolo. Mipira yomwe mabwana amataya m'tchire ndi m'madzi imatoledwa, kutsukidwa, n'kusanjidwa: yonyezimira payokha, yokandika payokha, yachikasu chifukwa chokhalitsa m'matope payokha. Imabwerera m'thumba la pulasitiki. Si zachilendo munthu kugula mpira wokhala ndi kadontho ka inki komwe anaika yekha sabata yatha.

Ngakhale kuonera kumene, chomwe chinazimitsa gofu pakanema ku Blantyre sichinali bondo la munthu. Mu August 2023 MultiChoice inaimitsa DStv m'dziko muno kwa miyezi ingapo itasemphana ndi bungwe la MACRA pa nkhani ya mitengo.

Komabe kunena kuti kugwa kwa Woods sikutikhudza konse kungakhale kunama. Kumatikhudza pa mwana. Mwana wa manejala amene ankaumiriza bambo ake kuti amutenge ku kalabu, ndiponso kadi wachichepere amene ankamenya timiyala ndi ndodo yothyoka, onse anali ndi munthu wofanana naye khungu woti amutsanzire. Patha zaka zoposa 25 chipambanire Masters koyamba, ndipo akatswiri akuda pa PGA Tour akadali owerengeka pa zala. Chitseko chomwe ambiri ankati watsegula chinangodutsa iye yekha.

Akatswiri athu, ndi mtengo wa Lachisanu

Kwa nthawi yaitali gofu ya ku Malawi inali ya osewera mongosangalala, pansi pa Golf Union of Malawi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 2010 kunabadwa bungwe la osewera molipidwa, Professional Golfers Association of Malawi, ndipo mayina ngati Paul Chidale ndi Adam Sailesi anayamba kumveka m'nkhani zamasewera. Chidale anakafika mpaka ku Kenya, kukapikisana pa Safari Tour ndi akatswiri a m'chigawo chino.

Aneba athu anatitsogolera. Madalitso Muthiya wa ku Zambia, dzina lomveka ngati la mwana wa ku Mchinji, anasewera US Open mu 2006, woyamba wa m'dziko lake kutero, atadutsa pa University of New Mexico. Patatha zaka khumi anapambana mpikisano wa Sunshine Tour ku South Africa. Zaka khumi pakati pa zinthu ziwirizo zikukuuzani kutalika kwa msewu umenewu, ngakhale kwa munthu wa luso lotere.

Tsono taganizirani katswiri wa ku Malawi amene akufuna kukasewera ku Nairobi kapena ku Johannesburg.

Tikiti ya ndege kuchokera ku Chileka, ndi chikwama cha ndodo chomwe chili ndi mtengo wake. Ndalama yolowera mpikisano. Malo ogona sabata yathunthu, chifukwa ayenera kufika msanga kukazolowera bwalo. Kadi wa kumeneko. Chakudya. Zonsezi n'za madola, mashilingi kapena marandi, m'dziko lomwe ngakhale woitanitsa mankhwala amadikira ndalama zakunja kubanki. Akupikisana ndi anthu omwe amasewera mpikisano sabata iliyonse, pomwe iye kwawo mipikisano ya mphoto ya ndalama ndi yapatalipatali.

Lachisanu madzulo, akaphonya ndi shoti imodzi yokha, wadulidwa. Salandira kanthu.

Apa ndiye pamene nkhani ya katswiri wovutika imaluma kwambiri kuno kuposa ku America. Woods akamatsimphina, msika umamulipira chifukwa anthu akumuyang'anabe. Wathu akadulidwa kawiri kotsatizana, palibe kamera yomwe inaona kuti anaphonya ndi shoti imodzi pabwalo lomwe sanaliponde n'kale lonse. Wothandiza amangomva kuti sanachite bwino. Ndipo poti mayina odziwika ndi ochepa, kupunthwa kwa mmodzi kumawerengedwa ngati umboni woti gofu yolipidwa ya ku Malawi sipindulitsa. Ndalama imabwerera ku mpikisano wa mabwana, komwe phindu lake limaoneka tsiku lomwelo pachakudya chamadzulo.

Sindikuwada makampaniwo. Ndalama ndi zawo, ndipo masamu awo ndi omveka. Popanda iwo kapinga wa ku Blantyre ndi ku Limbe bwenzi atauma kale, makadi alibe ponyamula. Koma ndalama zomwe zimapita ku malaya, zipewa ndi mabotolo a tsiku limodzi zikhoza kutumiza wosewera mmodzi ku mipikisano ingapo yotsatizana, ndipo mu gofu kutsatizanako ndiko kumakhwimitsa munthu. Woods mwiniwakeyo, atachira msana, anasewera chaka chathunthu cha 2018 asanapambane mu September.

Katswiri wa kuno akabwerako, ntchito yomwe imamudikira ndi yophunzitsa. Lachiwiri masana mumupeza pamalo oyeserera, ataima kumbuyo kwa manejala amene wayamba gofu ali ndi zaka 45 chifukwa anzake onse a kuofesi amasewera, akumukonza kagwiridwe ka ndodo, akumuuza mwaulemu kuti asadzutse mutu msanga. Ndalama ya phunzirolo ndi yotsimikizika, pomwe ya ku Nairobi ndi ya mwina.

Ku America akuyesa njira zosiyanasiyana zokhalira popanda Tiger. Mu January 2024 PGA Tour inalandira madola 1.5 biliyoni kuchokera kwa gulu la eni matimu a masewera ena. Mu January 2025 kunayamba TGL, gofu ya m'nyumba yomenyera pa sikirini yaikulu, ya maola awiri okha, yokonzera woonera wosaleza mtima. Ena mwa eni ake ndi Woods ndi McIlroy. Ngakhale njira yothawira kudalira Tiger anaimanga ndi dzina la Tiger.

Kuno makampani sanayambe kufunsa kuti oonera ali kuti. Akadzayamba, adzafuna nkhope yoti aike pachikwangwani cha mumsewu wa Masauko Chipembere, yoti woyenda paminibasi kuchokera ku Limbe aizindikire. Anthu omwe angakhale nkhope imeneyo alipo, ena akuphunzitsa mabwana, ena akunyamulabe zikwama, ndipo ambiri mwa iwo ndodo zomwe amayeserera ndi zobwereka kapena zosiyiridwa ndi membala amene anagula zatsopano ku Johannesburg.